Zomwe Ndinakwirira M'kompyuta ya Sukulu

Kompyuta yaikulu ya sukulu yathu imakhala m'kabati ya m'laibulale, pansi pa mabuku a Jogalafe. Madamu otiphunzitsa makompyuta amaitcha seva. Makompyuta ena onse a m'chipinda chophunziriramo amatunga kwa iyo: mabuku, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndi notsi zomwe ana asukulu timaikamo tokha kuti tizigawana. Intaneti kulibe, koma ukatsegula tsamba lake umangoona ngati ilipo. Pamwamba pa tsambalo pali kabokosi kolembamo chomwe ukusaka.

Pulogalamu yoyendetsa zonsezi ndi yakale. Madamu anatiuza kuti sinagulidwe, inalembedwa ndi anthu a m'maiko osiyanasiyana omwe sadziwana nkhope, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitsegula m'kati n'kukonza pomwe pawonongeka. Ine ndinkawaganizira ngati anthu olambula njira ya kuchitsime, aliyense ndi khasu lake, aliyense chigawo chake.

Kabokosi kosakira kanali ndi khalidwe lake. Kankangoyang'ana mutu wa fayilo, za m'kati sikankawerenga. Tsamba loonetsa mafayilo onse linasiya kutseguka ife tisanabwere. Choncho fayilo yomwe sukudziwa mutu wake inali ngati kulibe. Pa khalidwe limenelo ndi pamene atsikana a m'hositelo anamangapo mwambo wawo.

M'hositelo mulibe pobisa chinthu. Ametiloni amafufuza masutikesi pofuna mafoni ndi makalata a anyamata, ndipo akapeza pepala lililonse lolembedwa amaliwerenga mpaka kumapeto. Anzako nawo manja awo sakhala phee. Ndili fomu 1, kope la mtsikana wina linawerengedwa mokweza pamzere wa phala, mwini wake ali pomwepo ndi kapu m'manja. Sabata yomweyo mtsikana wa fomu 4 yemwe ankagona bedi la pamwamba panga anandiphunzitsa za nkhuti. Kumudzi nkhuti ndi dzenje lokwiriramo mbatata kuti isunge. Kusukulu nkhuti inali fayilo. Umalemba zakukhosi kwako, n'kuziika m'seva ngati notsi, koma mutu umaupatsa wa phunziro lomwe palibe angalisake. Ambiri ankasankha za dothi. Yanga yoyamba ndinaitcha "Mitundu ya dothi la m'dambo, gawo lachisanu ndi chiwiri." Aphunzitsi sankadziwa, anyamata sankadziwa. Lamulo linali limodzi: nkhuti siululidwa.

Ine ndine munthu wosatha kuyankhula pagulu. Ndikaimitsidwa m'kalasi, mawu amathera pakhosi. Koma kulemba ndimalemba tsiku lililonse kuyambira ndili sitandade 6. Teremu iliyonse ndinkatsegula nkhuti yatsopano, ndipo pofika fomu 3 ndinali nazo zisanu ndi ziwiri. Munali za mvula, za njala ya madzulo, za mitambo ikamatsika paphiri la Michesi. Munalinso za amayi.

Amayi amagulitsa matimati ndi nandolo pamsika wa pa Boma. Ndili sitandade 8, tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde, anandiuza kuti anawapeza ndi kachilombo ndipo anayamba kumwa ma ARV. Anandiuza m'Chilomwe, chomwe amayankhula nkhani ikakhala yolemera, maso ali pa lichero. Anati ngakhale azakhali sakudziwa. Mankhwala amakatenga kuchipatala chakutali, cha mbali ya ku nyanja ya Chilwa, ndipo pochoka amauza anthu kuti akukaoda nsomba. Pawailesi amati masiku ano kusalana kunatha. Amayi anaona ndi maso awo mayi wina wamandasi nkhani yake itamveka: anthu ankamupatsa moni bwinobwino n'kukagula benchi lotsatira. Ndinawalonjeza kuti sindidzauza munthu. Ndinasungadi. Koma ndinauza nkhuti.

Teremu yachiwiri ya fomu 3, seva yakale inayamba kulira ngati chigayo n'kumazima yokha. Anthu akufuna kwabwino anatipatsa ina yatsopano. Madamu anasamutsa zonse, mafayilo onse anafika bwino, koma kabokosi kosakira kanakana kugwira ntchito. Anatifotokozera ife a kalabu ya makompyuta kuti chigawo chosakira cha pulogalamuyo eni ake anachisiya kalekale, palibenso wochisamalira, ndipo pa makina atsopano sichidzuka. Anakwera kabaza kupita pa Boma pomwe netiweki imagwira, n'kubwera ndi chosakira china pa fulashi. Anali osangalala. Anati ichi si chaulesi ngati chakale chija: chimawerenga liwu lililonse la m'fayilo iliyonse, n'kupanga mndandanda wakewake wa mawu, wonga uja wa kumapeto kwa buku la Bayoloje. Lolemba lotsatira ahedi adzachitsegulira pamaso pa sukulu yonse, pa chinsalu chachikulu cha muholo.

Tinawomba m'manja. Nanenso ndinawomba nawo. Mpaka lero sindimvetsa kuti mutu wanga unali kuti.

Lachisanu masana Madamu anandisankha kuti ndiyese chosakiracho, chifukwa amati ndine wosamala ndipo sindisewera ndi mausi. Anandipatsa pepala la mawu makumi awiri otengedwa m'maphunziro athu. Ntchito yanga inali kulemba liwu lililonse m'kabokosi, kuona ngati zotuluka zili zoyenera, n'kuchonga. Kompyuta ya m'laibulale yokha ndiyo inali yolumikizidwa, chipinda cha makompyuta chinali chokhoma mpaka Lolemba. Iwo anapita kumsonkhano wa aphunzitsi.

Poyamba zinandikomera. Ukalemba liwu, usanachotse n'chala chomwe, mayankho afika, lililonse ndi mizere itatu ya m'kati mwa fayilo, liwu lako litapakidwa chikasu, ndi dzina la woiika pambali. Ndinachonga mawu khumi. Lakhumi ndi chimodzi linali ARV.

Pamwamba panatuluka buku la Bayoloje. Pansi pake kabuku ka zaumoyo. Chachitatu chinali "Mitundu ya dothi la m'dambo." Pambali panali dzina langa lonse ndi kalasi yanga. Mizere itatuyo ndimaikumbukira bwino, chifukwa ndinailemba ndine: kuti amayi anabisa botolo la ma ARV m'thumba la nandolo azakhali atabwera mwadzidzidzi, kuti tinaseka atachoka, kuti kenako amayi analira.

Ndinayang'ana kumbuyo ngakhale ndinkadziwa kuti ndili ndekha. M'kalasi mwathu muli mwana wa mayi wa benchi loyandikana ndi la amayi kumsika. Mu fomu 2 muli awiri omwe amayi awo amaimba kwaya imodzi ndi amayi anga. M'maganizo ndinaona holo yonse, chinsalu chachikulu, dzina langa lalitali ngati chitseko.

Ndinalowa mu akaunti yanga n'kufufuta nkhuti zonse zisanu ndi ziwiri, imodziimodzi, osatsegula n'komwe. Kompyuta inkandifunsa ngati ndatsimikiza, ine n'kumadina kuti eya. Zaka ziwiri ndi theka zinapita m'mphindi zitatu. Ndinapuma. Kenako ndinalembanso ARV m'kabokosi muja kuti mtima ukhale pansi.

Mizere itatu ija inali pomwepo. Dzina langa pomwepo.

Nditadina pamutu wake, tsamba linati fayiloyo kulibe. Koma mizereyo sinachoke. Ndinazimitsa kompyuta, kuiyatsa, kulembanso. Ndinalemba dzina la mudzi wathu, panatuluka mizere ina. Ndinalemba "nsomba", panatuluka wonena kuti amayi sakaoda nsomba ayi. Chinthucho chinali chitameza mawu anga n'kuwasunga penapake pomwe ine sindikanafika.

Ndinayenera kumaliza pepala lija, apo ayi Madamu akanadabwa. Liwu lakhumi ndi chisanu linali "mimba". Pansi pa mabuku panatuluka mitu ina ya dothi, ndi mayina a atsikana omwe ndimadya nawo. Ndinaphimba sikirini ndi chikhatho. Dzina limodzi ndinali nditaliona kale, ndipo silidzatuluka m'kamwa mwanga.

Madamu atabwera anafunsa ngati zayenda. Ndinati eya. Anayang'ana machongo anga makumi awiri, anandiyamika, n'kukhoma laibulale.

Loweruka tikuchapa pampopi ndinamuuza mnzanga theka la nkhaniyo. Mnzangayo ndi wa kumisasa ya asodzi ya ku Chilwa, wamtali, woseka mokweza, ndipo sindidziwa chomwe anandikondera. Ndinamuuza kuti chosakira chatsopano chikufukula nkhuti, ndipo kufufuta sikukuthandiza. Anayamba waseka, akuti zake ndi za mnyamata wa fomu 4 basi, anthu aseka Lolemba, Lachiwiri aiwala. Kenako anasiya kufikisa bulauzi, ataganizira za ena. Anati mwina tiithire sevayo madzi a sopo. Ndinati kabati ndi yokhoma. Anati ndiye tipemphere magetsi a sola afe.

Nditanena kuti mwina ndiwauze Madamu, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Iwe, Madamu amamwa tiyi ndi ametiloni tsiku lililonse. Ukawauza, Lolemba madzulo ametiloni akhala pakompyuta ndi magalasi awo aja kuwerenga hositelo yonse. Ndipo aliyense adziwa kuti waulula ndiwe."

Ndinati nanga tikangokhala chete, si holo yonse iwerenga?

Anati mwina ahedi alemba mawu a Masamu. Kenako anandigunda ndi chigongono. "Komanso iweyo, sisitere wathu, wosapatsa moni ngakhale mnyamata wa sitandade 2, unakwirira chiyani chokuwondetsa chonchi?"

Ndinati ndakatulo. Anati ndakatulo sizipangitsa munthu kutsuka siketi imodzi katatu.

Lamlungu kutchalitchi sindinaimbe. Ndinkawerenga m'mutu mawu omwe munthu angalembe m'kabokosi muja, ndipo lililonse linkandifikitsa kwa amayi: mankhwala, chipatala, msika, nandolo, Chilwa. Ngakhale ahedi atalemba za Masamu, Lolemba lomwelo chipinda cha makompyuta chikatsegulidwa, a fomu 4 anali ndi mayeso a Bayoloje sabata imeneyo. Masana wa kabaza wina anabweretsa kamtolo kochokera kwa amayi, mtedza wokazinga ndi nthochi zokulunga m'kansalu kakale ka chitenje chawo. Ndinanunkhiza kansaluko. Mtedzawo ndinampatsa mnzanga.

Ndinkadziwa kuti pakamwa sipandithandiza, choncho ndinang'amba pepala m'kope la Chichewa. Loyamba ndinalemba zambiri, ndinaling'amba. Lachiwiri linali ndi liwu loti nkhuti, ndinaling'ambanso. Lachitatu linali ndi mizere itatu yokha: "Madamu, chosakira chatsopano chikuwerenga zinthu zomwe si notsi. Chonde musachitsegulire. Chonde musandifunse."

Lolemba m'mawa, nthawi yosesa, ndinasiya tsache langa kuseri kwa holo n'kupita ku laibulale. Madamu anali atagwada pakabati, akukulunga mawaya. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali mpaka anandiona okha. Anandiuza kuti ndilowe, ndisaime ngati mlendo wa pamaliro. Ndinagwada n'kuwapatsa pepalalo ndi manja awiri.

Analiwerenga kawiri. Anakhala pampando, n'kukokera kiyibodi pafupi.

"Ndilembe liwu liti kuti ndione?"

Ndinangoona dzanja langa litagwira dzanja lawo pamwamba pa kiyibodi. Sindinagwirepo mphunzitsi chibadwire.

Anachotsa manja awo n'kuwaika pamiyendo. Anandifunsa ngati zili zanga zokha. Ndinapukusa mutu. Anafunsa ngati zili zambiri. Ndinagwedeza. Anafunsa ngati pali mwana yemwe moyo wake uli pangozi lero lino, chifukwa zikakhala choncho sangakhale chete. Ndinati sindinawerenge za ena, koma zanga si zotero, ndi nkhani ya munthu wina yemwe anandikhulupirira. Awo ndiwo mawu ambiri omwe ndinawayankhulapo kwa iwo chaka chonsecho.

Anayang'ana kabati. Kunja ana ankakoka mabenchi kulowetsa muholo.

"Ndiye chifukwa chake," anatero motsitsa mawu, "sukulu ino ili ndi notsi za dothi zambiri kuposa sukulu ya alangizi. Ine ndimati ana anga amakonda ulimi."

Ndinayembekezera kuti atchula ametiloni. Sanawatchule. Anati cholakwa ndi chawo, analowetsa m'nyumba mlendo wotsegula mphika uliwonse asanafunse eni nyumba zomwe anavundikira. Ndinawauza kuti zanga ndinafufuta koma zikutulukabe. Anati n'zoona, chifukwa chosakiracho sichibwereranso kufayilo, chimayang'ana mumndandanda womwe chinapanga Lachinayi, ndipo mndandandawo uli ndi kope lakelake la mawu onse. Kufufuta fayilo kuli ngati kugwetsa nyumba dzina lake likadali m'kaundula.

Anatsegula kafayilo kakang'ono ka malamulo a chosakiracho. Munali mzere wotchula malo atatu oti chiziwerenga: mabuku, mapepala a mayeso, notsi za ana. Anandisonyeza ndi chala, kenako anafufuta lachitatulo ine ndikuona. Anandilembera papepala mawu awiri olamula, oyamba ogumula mndandanda wonse, achiwiri oumanganso. Anadzuka pampando.

"Lemba ndiwe, mwanawe. Ukapanda kulemba wekha sukhulupirira."

Ndinalemba pang'onopang'ono, ndikufananiza chilembo chilichonse ndi cha papepala. Kompyuta inayankha mzere umodzi woti zatheka. Kenako inayamba kuwerenganso mabuku, kamzere kobiriwira kakukwawa kuchokera kumanzere. Belu la asembule linalira kamzereko kali pakati penipeni. Ahedi anatuma uthenga wofunsa ngati zakonzeka. Madamu anayankha kuti ayambe ndi zolengeza, chakudya chikadali pamoto.

Anandiuza kuti ndipite kumzere wanga. Ndinafuna kupempha kuti ndiyese kaye liwu lija, koma kamzereko kanali kasanafike, ndipo kuliyesa iwo ali pomwepo kukanakhala kuwauza. Ndinapita osayesa.

Muholo ndinakhala pafupi ndi mnzanga. Ahedi analengeza za udzu wosatchetcha ndi za ochedwa. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawathokoza mumtima. Kenako chinsalu chinawala, kabokosi kaja kanaoneka, kakakulu ngati zenera. Ahedi analemba liwu la Masamu ndi chala chimodzi, mabuku anatuluka, anthu anawomba m'manja. Anati wina apereke liwu. Mnyamata wa kumbuyo anakuwa kuti "chibwenzi", holo yonse inaseka, koma mbali ya atsikana kuseka kwake kunali kochepa. Mnzanga anandifinya bondo. Ahedi anachita ngati sanamve. Aphunzitsi a Bayoloje ndiwo anaimirira n'kunena kuti popeza a fomu 4 ali ndi mayeso, alembe ARV.

Ndinayang'ana nsapato zanga. Yakumanja inali ndi fumbi la kuseri kwa holo. Ndinamva zala za ahedi, kamodzi, kawiri, katatu. Ndinadikira phokoso lomwe anthu amachita akaona dzina la munthu yemwe akumudziwa.

"Mabuku okhaokha," mnzanga anandinong'oneza. "Dzutsa mutu, sisitere, anthu aziti wakomoka."

Ndinadzutsa. Buku la Bayoloje, kabuku ka zaumoyo, pepala la mayeso. Pansi pake panali poyera.

Madamu analengeza pomaliza kuti notsi za ana sizinalowe, zidzalowa kumapeto kwa teremu, aliyense akaunika zake. Anati Loweruka chipinda cha makompyuta chidzakhala chotsegula kwa aliyense wofuna kupalira notsi zake zakale, makamaka za ulimi. Anyamata sanamve kanthu. Loweruka limenelo mzere wa atsikana unafika mpaka pamtengo wa mango, wopanda phokoso ngati mzere wa kusikelo. Madamu anatulutsa mpando wawo panja n'kumachonga makope, msana atalozetsa kukhomo.

Sizinathe zokoma zokhazokha. Ena a fomu 4 anadziwa kuti ndine ndinali m'laibulale m'mawa uja, ndipo kwa masabata awiri sanandiyankhe moni. Ankati nkhuti yatha chifukwa cha ine. Mwina n'zoona. A fomu 1 a chaka chino sadzaidziwa. Mnzanga ankawayankha m'malo mwanga, mokweza kuposa momwe ndikanafunira.

Panali chinthu china chomwe chinkandidya. Posamutsa mafayilo, Madamu anasunga kope la zonse pa fulashi yaikulu ya m'dirowa yawo. Zinanditengera masiku anayi kuti ndifunse. Anati anali atayiwala, ndipo tsiku lomwelo anaipukuta n'kusunganso za pambuyo pa kupalira kuja. Ananditcha mlonda. Anandiuzanso kuti analembera anthu olemba pulogalamu, olambula njira aja, kuwapempha kuti chosakiracho chizifunsa kaye chisanawerenge zolemba za ana. Wina anayankha kuchokera kudziko lomwe sindidziwa n'komwe komwe lili, akuti sanaganizepo za zimenezo ndipo aziona.

Nkhuti zanga zisanu ndi ziwiri sindinazipezenso. Nthawi zina ndimafuna kudziwa zomwe ndinalemba m'nkhuti yoyamba ya fomu 1, kapena tsiku lomwe madzi osefukira anatsika m'phiri, koma palibe pofunsa.

Patchuthi ndinapeza amayi akusankha matimati pakhonde. Anafunsa za kusukulu, ndinati tili ndi kompyuta yatsopano yothamanga. Anati ndizilimbikira, mwina ndidzagwira ntchito ya muofesi. Sindinawauze. Lachitatu lake anati akukaoda nsomba, ndipo ndinapempha kuti ndiwaperekeze. Tinakwera makabaza awiri, iwo patsogolo, mpango wawo ukuuluka, minda ya mpunga mbali zonse. Pobwerera tinagula nsomba pang'ono kuti anthu aone.

Tsopano ndimalemba m'kope wamba la mizere, lomwe ametiloni atha kulitsegula tsiku lililonse. Madzulo a tsiku limenelo ndinalembamo za mpunga, za fumbi, za wa kabaza yemwe ankaimba njira yonse. Pakona ya tsambalo ndinajambula kansomba kakang'ono, osalemba kanthu pansi pake.